Poto Amadziwika Kunsi Kwake

Mmalawi akangopeza chipinda ku Joni, kaya ndi ku Mayfair, ku Turffontein, ku Yeoville kapena ku Diepsloot, zinthu zoyamba kugula zimakhala matilesi, hotipuleti ya mbale ziwiri, ndi poto. Matilesi amayamba wawadinikiza ndi dzanja asanapereke ndalama. Hotipuleti amauza wogulitsa kuti ayiyatse kaye aone ngati ikutentha. Koma poto amangomugula ndi maso. M'masitolo a ku Crown Mines ndi ku Fordsburg mumakhala makatoni osanjikizana mpaka kudenga, katoni iliyonse muli mapoto asanu kapena asanu ndi limodzi onyezimira, zivundikiro zake zagalasi, mtengo wake wosasiyana kwenikweni ndi wa poto mmodzi wolemera wa m'sitolo ina. Munthu amawerenga mapotowo, nawerenganso ndalama zake, n'kuona kuti wapindula. Nkhani ino ikutsutsa kagulidwe kameneka. Chimene chimapanga poto kukhala wabwino si kuwala kwake kapena kuchuluka kwa anzake m'katoni, koma kunsi kwake: kukhuthala kwa chitsulo, kusalala kwake, chitsulocho kuti n'chamtundu wanji, ndiponso ngati chikugwirizana ndi moto umene adzakhalepo. Banja limene lili ndi mapoto atatu osankhidwa motere lili bwino kuposa limene lili ndi khumi a m'katoni.

Tiyambe ndi nsima, chifukwa palibe chakudya chimene chimayesa poto ngati nsima. Madzi akamawira amayendayenda okha, otentha akukwera, ozizira akutsika, choncho ngakhale poto wopyapyala amawiritsa madzi a tiyi bwinobwino. Nsima siyenda. Phala likangolimba, kutentha konse kumene kukufika pa ufa kumadzera m'chitsulo, ndipo ngati chitsulocho sichimwaza kutentha mofanana, malo amene akhudzana ndi moto amapserera pamene pambali ufa ukadali wosapsa. Wophika amathyakula mpaka thukuta, nsima n'kutuluka ya fungo la utsi, ndipo amadziimba mlandu kapena kunena ufa wa kuno. Kawirikawiri mlandu umakhala wa poto. Zitsulo zimasiyana kwambiri pa kayendetsedwe ka kutentha. Aluminiyamu amayendetsa kutentha mofulumira pafupifupi ka 15 kuposa stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri chija chimene Harry Brearley wa ku Sheffield anatulukira mu 1913. Stainless steel ndi wolimba, sasintha kakomedwe ka chakudya, ndipo amawala zaka zambiri, koma akakhala yekha, wopyapyala, amapsereza. N'chifukwa chake opanga mapoto abwino a stainless steel amamatira kunsi chimbale chochindikala chokhala ndi aluminiyamu kapena mkuwa m'kati. Mapoto ambiri a m'makatoni otchipa aja alibe chimbale chimenechi, kapena ali ndi kachitsulo kopyapyala kongofanizira. Kuzindikira sikovuta. Mutembenuzeni poto, muone ngati kunsi kuli chimbale chooneka msinkhu wake. Munyamuleni: kulemera kukhale kunsi. Mugogodeni ndi chala. Wopyapyala amalira mokweza ngati chitini, wochindikala amalira mogonthera. Kenaka mumukhazike pa tebulo losalala ndi kumukankha m'mphepete kuti muone ngati akugwedezeka.

Kuyesa komalizaku n'kofunika kwambiri ku Johannesburg kuposa kumudzi, ndipo chifukwa chake ndi moto. Makolo athu ankaumba miphika ndi nkhali zobulungira kunsi chifukwa zinkakhala pa mafuwa atatu, malawi a nkhuni n'kumazinyambita mbali zonse. Iwo ankaumba poganizira moto wawo. Hotipuleti ilibe malawi. Imatenthetsa pokhapokha pamene chitsulo chakhudzana ndi chitsulo, ndiye poto wopindika kunsi amangokhudza mbale ya hotipuleti pamalo amodzi kapena awiri, kutentha kwina konse n'kumathera m'chipinda. Mbale imodzi ikatsegulidwa mpaka kumapeto imadya pafupifupi yunitsi imodzi ya magetsi pa ola, ndipo m'nyumba za lendi zambiri magetsi ndi olipiriratu. Choncho poto wopindika amadya ndalama tsiku lililonse mwakachetechete, ndipo poto wopyapyala sachedwa kupindika, makamaka akamathiridwa madzi ozizira ali wotentha. Chimodzimodzinso poto wamng'ono kuposa mbale ya hotipuleti: m'mphepete mwa mbale mumangofiira popanda chophika. Ndiyeno pali nkhani ya kuzimazima kwa magetsi, kumene kampani ya magetsi ya Eskom inayambitsa kumapeto kwa 2007 ndipo kunafika poipitsitsa mu 2023, pamene magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse. Mabanja ambiri anagula mbaula za gasi, ena anabwerera ku palafini. Gasi ali ndi malawi, motero amakhululukira poto wopindika, koma malawi ake amakwera m'mbali n'kusungunula zogwirira za pulasitiki. Ena agula mbaula za induction, zimene zimasunga magetsi koma sizigwira ntchito pa poto wa aluminiyamu wamba; zimafuna poto amene maginito amamatirira kunsi kwake. Munthu wopita kukagula poto ayenera kudziwa kaye kuti aziphika pa moto uti, ndipo ngati moto wake ndi wamitundu iwiri, poto wa zogwirira zachitsulo ndi kunsi kosalala ndiye amene angapirire ponseponse.

Pali chinanso chimene ambiri obwera kumene amadabwa nacho: nyemba za ku Joni zimachedwa kupsa. Ena amati nyemba zake n'zakale, ndipo nthawi zina n'zoona, koma chifukwa chachikulu ndi kukwera kwa malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita 1,000 ndi pang'ono, ndipo Mangochi ndi Nkhata Bay zili pafupi ndi mamita 500. Malo akakwera, mpweya umapepuka, ndipo madzi amawira asanatenthe kwambiri. M'mphepete mwa nyanja ya Malawi madzi amawira pa madigiri pafupifupi 98. Ku Johannesburg amawira pa madigiri pafupifupi 94. Madzi akayamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo ngakhale mutawonjezera moto chotani, choncho nyemba, nandolo wouma, mang'ina ndi nkhuku yachikuda zimaphikidwa ndi madzi ozizirirapo kusiyana ndi kwathu. Apa chivundikiro chothina chimathandiza, koma mankhwala enieni ndi pressure cooker, poto wotseka nthunzi amene chiyambi chake ndi chipangizo cha Denis Papin cha mu 1679. Nthunzi ikatsekeredwa, madzi amatentha kupitirira madigiri 110, ndipo nyemba zonyika usiku zimene zikanatenga maola awiri kapena atatu zimapsa pa theka la ola. Ambiri amamuopa poto ameneyu, amati amaphulika, ndipo mantha awo ali ndi maziko: akale ankaphulikadi kabowo ka nthunzi kakatsekeka. Amakono ali ndi potulukira nthunzi pachiwiri komanso loko woletsa kutsegula nthunzi isanathe. Chofunika n'kusadzaza nyemba kupitirira theka, kuyang'ana kabowoko musanatseke, ndi kugula wa kampani imene mphira wake wa pachivundikiro amapezeka m'masitolo, popeza mphirayo ndiye amayamba kutha. Amene sangathe kumugula angathe kuwiritsa nyemba kwa mphindi 15 kapena 20 n'kukulunga potoyo m'bulangete lochindikala kuti zipse zokha. Nzeru imeneyi ndi imene Sarah Collins wa ku Durban anaisandutsa malonda mu 2008 ndi chikwama chotchedwa Wonderbag. Nayonso imayenda bwino ndi poto wolemera, wosunga kutentha.

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani za anthu andalama. Munthu wogwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Randburg kapena wosoka zovala ku Fordsburg amalandira zochepa, kumudzi akudikira fizi ndi feteleza, chipinda amasamuka kawirikawiri, ndipo sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala akadali kuno. Agulirenji poto wa zaka makumi awiri? Funsoli ndi lolemera, ndipo yankho lake si kumutumiza ku Sandton City kukagula Le Creuset, kapena kumulowetsa m'ngongole ya miyezi yambiri ya mapoto a AMC, ngakhale kuti onsewo ndi mapoto abwino. Poto wochindikala sikuti ndi wodula nthawi zonse. Mapoto a aluminiyamu a Hart, opangidwa ndi kampani ya Hendler and Hart ya ku Boksburg, amapezeka m'masitolo wamba ndipo aphika papa, nsima ya kuno, m'makomboni a dziko lino kwa mibadwo ingapo. Amitundu yolemererapo amakwana pa nsima. Chimene ndikutsutsa ndi kugula zambiri nthawi imodzi. M'katoni ya mapoto asanu ndi limodzi, awiri okha ndiwo amagwira ntchito tsiku ndi tsiku, ena amangokhala pamwamba pa kabati, ndipo munthu walipira onse. Ndalama yomweyo ikanagula poto mmodzi wa nsima wochindikala, wa msinkhu woyenera banjalo, wokhala ndi chogwirira cholimba chomangidwa ndi misomali yachitsulo, chifukwa pothyakula dzanja limodzi limakhala pa mthiko, lina likulimbana ndi poto. Mwezi wotsatira n'kugula wa ndiwo. Wachitatu, chiwaya kapena poto wamkulu wa nyemba, angadikire. Ndipo kwa munthu wosamukasamuka, mapoto awiri olimba ndi osavuta kunyamula kuposa katoni ya zivundikiro zagalasi.

Nanga aluminiyamu sadwalitsa? Mphekesera yakuti amayambitsa matenda oiwalaiwala a Alzheimer inachokera ku kafukufuku wa mu 1965, pamene akalulu anabayidwa mankhwala a aluminiyamu n'kuonongeka ubongo. Kafukufuku wa zaka zotsatira sanapeze umboni wokhutiritsa wakuti kuphikira m'mapoto a aluminiyamu kumayambitsa matendawa, ndipo bungwe la Alzheimer's Society la ku Britain limanena chimodzimodzi. Komabe aluminiyamu amadyeka ndi zinthu ziwiri zimene sizisowa m'khitchini mwathu: zowawasa monga tomato ndi mandimu, komanso soda kapena chidulo chimene timathira mu therere ndi m'masamba otendera. Aliyense amene anaphikapo therere m'poto wa aluminiyamu anaona mmene m'kati mumadera. Pang'ono pa chitsulocho pamalowa m'chakudya, ndipo poto amayamba timaenje. Ichi n'chifukwa chabwino chakuti poto wa ndiwo akhale wa stainless steel, wa nsima n'kukhala wa aluminiyamu, ndiponso chakuti ndiwo zotsala zisagone m'poto wa aluminiyamu.

Choopsa chenicheni chili kwina, ndipo anthu ochepa ndiwo amachidziwa. M'misika ndi m'mphepete mwa misewu, kuno ngakhalenso kwathu, mumagulitsidwa mapoto ochindikala otuwira, osasalala khungu, opangidwa posungunula zitsulo zotayidwa n'kuzithira m'chikombole cha mchenga. Poyang'ana kunsi kokha, mapoto amenewa amakhoza mayeso onse amene tatchula: ndi olemera, sapindika, nsima yake imapsa bwino, mtengo wake ndi wachifundo. Vuto ndi chimene chinalowa mu ng'anjo. Osungunula amatola chilichonse chooneka ngati aluminiyamu: zidutswa za injini, maradiyeta a galimoto, zitini, ziwalo za makompyuta, ndipo zina mwa zimenezi zimakhala ndi mtovu. Jeffrey Weidenhamer wa ku Ashland University ku America ndi anzake anayeza mapoto otere a ku Cameroon mu 2014, kenaka mu 2017 anayeza ziwiya 42 zochokera m'maiko khumi. Anawiritsamo madzi osakaniza ndi viniga pofanizira ndiwo zowawasa, ndipo anapeza kuti zambiri zimatulutsa mtovu, zina cadmium ndi arsenic. Mu 2020 Angela Mathee ndi Renée Street a bungwe la South African Medical Research Council anachenjeza kuti mapoto otere akufalikira mu South Africa muno ndipo ndi chiopsezo pa umoyo wa anthu. Mtovu sumveka kukoma kapena fungo. Umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, umaononga ubongo wa mwana amene akukula, umadutsa kuchoka kwa mayi woyembekezera kupita kwa mwana wosabadwa, ndipo kwa akuluakulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuononga impso. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza.

Ena adzati: amayi athu aphikira m'mapoto amenewa zaka zonsezi, ife tinakula, bwanji lero? Yankho ndi lakuti mtovu supha poyera ngati kolera. Kawirikawiri mwana amene wamwa mtovu sagona m'chipatala. Amangovutika kugwira za m'kalasi, ndipo palibe amene amaloza poto. Enanso adzati osungunulawo ndi amisiri osauka amene akudyetsa mabanja awo, ndipo kuwanyoza n'kulimbikitsa makampani akuluakulu. Luso lawo ndi lenileni, ndipo iwo eni ndi ana awo ndiwo amayamba kupuma utsi wa mtovuwo. Chofunika n'kuwathandiza kupeza aluminiyamu woyera ndi njira yoyezera zimene akusungunula, ndipo imeneyo ndi ntchito ya maboma. Koma kufikira zimenezo zitachitika, wogula alibe njira yodziwira ndi maso kuti poto uyu ali ndi mtovu, uyu alibe. M'nyumba mmene muli mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera, poto wopanda dzina la womupanga asaphikidwiremo, makamaka phala la mwana ndi ndiwo za tomato. Apa ndi pamene kutembenuza poto kumathandizanso kachiwiri, pakuti dzina la kampani limadindidwa kunsi.

Poto wachitsulo wa miyendo itatu, amene kuno amati potjie ndipo ambiri amamudziwa ndi dzina la Falkirk, ali ndi malo ake. Amagulitsidwa ndi manambala. Wa nambala 3 amalowa malita pafupifupi 8 ndipo amalemera makilogalamu oposa 10. Pamaliro, paukwati, pa msonkhano wa mpingo kapena wa bungwe la anthu akumudzi kumodzi, pamene nyama ikuphikidwa panja pa nkhuni, palibe womuposa, chifukwa akatentha amasunga kutentha kwa nthawi yaitali. Alinso ndi ubwino wina: amathira ayironi pang'ono m'chakudya. Ofufuza ogwirizana ndi Liverpool School of Tropical Medicine anayesa zimenezi m'midzi ya ku Malawi, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2003 zinaonetsa kuti akuluakulu amene ankaphikira m'mapoto achitsulo mosadumphitsa magazi awo anawonjezeka. Koma anapezanso kuti mabanja ambiri sankawakonda chifukwa cha kulemera ndi dzimbiri, n'kumabwerera ku aluminiyamu. Poto amene wophika sakumufuna sathandiza munthu, ngakhale madokotala atamuyamikira. Ndipo ayironi akachuluka amavulaza. Mu 1929 dokotala A. S. Strachan, poyeza mitembo ku Johannesburg komwe kuno, anapeza ayironi wochuluka modabwitsa m'ziwindi za anthu akuda ambiri, ndipo kafukufuku wapambuyo pake analoza mowa wamasese wofululidwa m'migolo ndi m'mapoto achitsulo. Thobwa ndi chilichonse chosasa zisasungidwe m'chitsulo chotere. M'chipinda cha lendi cha pansanjika yachisanu ku Hillbrow, miyendo itatu ija ilibe pokhala. Amene akufuna chitsulo chotere pa hotipuleti agule chosalala kunsi.

Za mapani a non-stick, osamatirira aja, mawu ndi ochepa. Utoto wake, umene Roy Plunkett wa kampani ya DuPont anautulukira mwangozi mu 1938 ndipo umadziwika kuti Teflon, ndi wabwino pokazinga mazira ndi mafuta ochepa. Koma umayamba kuonongeka kutentha kukapitirira madigiri 260, ndipo pani yopanda kanthu pa gasi imafika pamenepo m'mphindi zochepa, n'kutulutsa utsi woipa m'chipinda chimene mwina chili ndi zenera limodzi ndipo anthu amagonamo momwemo. Kaphikidwe kathu kamadalira moto waukulu, nkhoko, ndi kukwecha ndi waya, ndipo utotowo supirira chilichonse mwa zimenezi. Pani imodzi yaing'ono ya mazira ndi yokwanira, ndipo ikayamba kusupuka itayidwe. Nsomba, chipisi ndi nyama zikazingidwe m'chiwaya chachitsulo, chimene chimakoma chikamakalamba.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene chili ndi mphamvu kuposa zonse, chifukwa sichikhudza kuphika. Kuyambira masiku a Wenela, munthu wobwerera kuchokera ku Joni amayembekezeka kufika ndi katundu wooneka, ndipo lero katoni ya mapoto onyezimira ndi mphatso yolemekezeka kwa amayi, kwa apongozi, pa bridal shower ya mlongo. Amene watumiza poto mmodzi wotuwa angaoneke ngati zinthu sizikumuyendera. Ulemu umenewu sindiupeputsa. Mphatso imalankhula, ndipo amayi akaika mapotowo m'kabati ya pabalaza amakhala akuuza alendo kuti mwana wawo sanawaiwale. Koma taganizirani ulendo wa katoniyo ndi moto umene ukuidikira. Idzakwera basi ku Park Station kapena ngolo ya matransipota, idzagwedezeka kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, itapanikizidwa ndi mafiriji ndi njinga, ndipo zivundikiro zagalasi sizifika zonse. Ikafika, ku Malawi mabanja ambiri amaphikira nkhuni ndi makala. Pa mafuwa, zogwirira za pulasitiki zimasungunuka sabata yomweyo, stainless steel wopyapyala amapsereza nsima kuposa mmene amachitira pa hotipuleti, ndipo chimbale chomatira kunsi chija chikhoza kumatuka malawi akachuluka. Mapoto amathera m'kabati, amayi n'kupitiriza kuphikira poto wa pamsika uja, amene mwina ali ndi mtovu, ndipo ndi momwe akudyera adzukulu. Wotumiza ayambe wafunsa kuti kunyumbako akuphikira pa chiyani ndipo amadya anthu angati. Ngati ndi pa mafuwa kapena pa mbaula ya makala, atumize mapoto a aluminiyamu a ku fakitale, ochindikala, a zogwirira ndi zivundikiro zachitsulo, olowetsana kuti asadye malo m'basi, mmodzi mwa iwo akhale wamkulu wokwana nsima ya anthu obwera kudzathandiza kukolola. Ngati ndi m'tauni momwe muli magetsi a ESCOM kapena gasi, pamenepo poto wa stainless steel wa chimbale kunsi ndi pressure cooker zidzagwira ntchito, bola m'katonimo muikidwenso mphira wapadera wa pachivundikiro, chifukwa wa mtundu womwewo sapezeka msanga ku Limbe kapena ku Mzuzu.